Mchenga mu Sampu ya Probox: Nditsuke ndi Dizilo Kapena Nditsegule Injini?

Mwini Probox, Luwinga

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Masabata atatu apitawo ndinagula Toyota Probox ya injini ya 1NZ-FE kwa munthu amene anaigwiritsa ntchito zaka zingapo ponyamula katundu pakati pa Mzuzu, Rumphi ndi midzi ya kumtunda kwake. Pa tsiku logula inkalira bwino, utsi sunkaoneka, ndipo nyali ya oyilo inkazima injini ikangolira. Loweruka ndinaganiza zosintha oyilo ndekha pakhomo, popeza sindikudziwa kuti mwini wake wakale anasintha liti. Oyilo atatha kukha, ndinapendeketsa beseni kuti ndimutsanulire m'chigubu, ndipo pansi pa besenilo panatsala tinthu tokhakhala timene ndikatitikita ndi zala timamveka ngati mchenga. Si tambiri, mwina tingadzaze theka la kasupuni ka tiyi. Oyilo watsopano sindinathire, ndipo galimoto ili chiimire. Mnansi wanga akuti ndithire malita 4 a dizilo, ndilize injini mphindi 10, ndikhetse, nkhani yatha. Ndisanachite zimenezo ndati ndimve kaye kwa inu amene mumadziwa bwino zitsulo.

Woyendetsa takisi, Chibavi

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Ambiri mwa ife a matakisi timatsuka injini ndi dizilo kapena palafini, ndipo zimene zimatuluka zimakhala zakuda bii moti munthu umaona wekha kuti ntchito yagwirika. Sienta yanga ndinaitsuka chomwecho chaka chatha, ndipo mpaka lero ikupita ku Ekwendeni ndi kubwerako tsiku lililonse.

Makaniko wopuma, Katoto

Bambo a ku Luwinga, mwachita bwino kwambiri kusaliza injiniyo, ndipo ndikupempha kuti dizilo mumusiye kaye m'chigubu chake. Funso langa loyamba lioneka ngati lachibwana koma ndi lofunika: kodi besenilo linali loyera musanaliike kunsi kwa galimoto, ndipo kodi simunagwedeze dothi la kunsiko pamene mumalimbana ndi bawuti ya sampu, chosungira oyilo cha kunsi kwa injini? Ndinaonapo munthu atatsala pang'ono kuphwasula injini yabwinobwino chifukwa cha mchenga umene unali kale m'beseni la ana osewera.

Ngati beseni linali loyera, tidziwe kaye kuti tinthuto ndi chiyani, chifukwa si chokhakhala chilichonse cha mu oyilo chimene chili mchenga. Tiikeni m'kabotolo koonekera mkati, muthiremo petulo pang'ono, mukhutchumule, mudikire kuti tikhazikike pansi, kenako mutsanule petuloyo mosamala ndi kutiyanika pa pepala loyera, kutali ndi moto. Timene tingaphwanyike n'kusanduka ufa wakuda mukatikanikiza ndi msana wa supuni ndi mwaye wa oyilo wopsa, ndipo timeneto timangosonyeza kuti galimoto inkachedwa sevisi. Timene tingatsatire maginito, ngakhale a sipika yakale ya wailesi, ndi chitsulo chopalika. Tonyezimira ngati siliva kapena kopa koma tosatsatira maginito nthawi zambiri timachokera ku mabering'i, zitsulo zofewa zimene ziwalo zozungulira za injini zimatsamirapo. Mchenga suphwanyika, sutsatira maginito, ndipo mukaukhutiza pa botolo lagalasi umasiya mikwingwirima. Mutsegulenso fyuluta ya oyilo imene mwachotsa, koma musaidule ndi sowo ya zitsulo chifukwa utuchi wake ukusokonezani. Ibooleni ndi chizulo m'mphepete, mumalize ndi sizasi ya malata, mutambasule pepala la mkati padzuwa ndi kuyang'ana m'mapindo mwake.

Mphunzitsi wa sayansi, Mchengautuwa

Musandiseke kuti wa ku Mchengautuwa ndiye walowerera nkhani ya mchenga, popeza dzina la dera lathu m'Chitumbuka likunena za mchenga woyera. Ndifuna kuwonjezera chifukwa chake kuyesa pa botolo kumathandiza. Mchenga wambiri ndi mwala wotchedwa quartz, umene pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala uli pa 7, pamene galasi la botolo ndi chitsulo cha mpeni wamba zili cha pa 5.5. Mabering'i ndi aluminiyamu wa injini ndi zofewa kuposa pamenepo. Choncho mchenga ukakumana ndi chitsulo m'injini, chimene chimatha ndi chitsulocho.

Kachiwiri, mpata wa pakati pa crankshaft (chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza) ndi bering'i, momwe oyilo amadutsa, umakhala wa mamilimita pafupifupi 0.02 mpaka 0.05, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Njere ya mchenga imene mukuimva ndi chala singalowe pamenepo yathunthu, koma ikadutsa m'mano a pampu ya oyilo imasweka kukhala tizidutswa timene timakwana bwinobwino mumpatamo. Chomaliza, ndipo apa ndikuyankha achimwene a ku Chibavi mwaulemu: quartz sasungunuka mu dizilo, mu palafini, kapena m'mankhwala otsukira injini a m'sitolo. Zakuda zimene mumaziona zikutuluka ndi utoto wa oyilo wakale.

Mwini Probox, Luwinga

Ndachita monga mwanenera. Beseni ndinalitsuka ndi sopo n'kulipukuta ndisanayambe, ndiye limenelo tilichotse pa mlandu. Mwa timene tinatsala pa pepala, tina taphwanyika kukhala mwaye, pa maginito pakakamira kaufa kochepa kwambiri, koma tambiri ndi tofiirira, tolimba, ndipo takanda botolo la Fanta moonekeratu. Tonyezimira ndaona tiwiri kapena titatu basi. M'mapindo a fyuluta mulinso njere zofanana ndi zomwezo.

Makaniko wopuma, Katoto

Ndiye ndi mchenga ndithu, ndipo popeza wafika mu fyuluta, wadutsa kale m'pampu. Ndifotokoze njira ya oyilo kuti muone pamene dizilo amaonongera zinthu. Oyilo amachoka mu sampu kudzera pa kasefa ka waya, n'kulowa m'pampu, kenako mu fyuluta, ndipo akachoka apo ndi pamene amagawikira ku mabering'i a crankshaft, ku ma camshaft (zitsulo zotsegula mavalavu) ndi ku VVT-i (chida chosintha nthawi yotsegukira mavalavu). Kasefa kaja kamangogwira zikuluzikulu, choncho pampu imamwa oyilo wosasefedwa. Fyuluta nayo ili ndi kavalavu kamene kamatseguka pepala likatsekeka kapena oyilo akalimba ndi kuzizira, kuti injini isakhale youma. M'mawa wa June ndi July kuno ku Mzuzu, munthu akangoliza galimoto n'kuponda moto nthawi yomweyo, kavalavuko kakhoza kutseguka, ndipo oyilo amapita ku mabering'i osasefedwa, pamodzi ndi chilichonse chimene wanyamula.

Pakali pano mchenga wambiri wagona pansi pa sampu ndi m'makona a injini, utamatidwa ndi phala la oyilo wakale. Dizilo amasungunula phalalo, mchenga n'kumasuka wonse nthawi imodzi, ndipo pa mphindi zomwezo mabering'i amakhala akuyandama pa dizilo, amene ndi wopyapyala kwambiri moti sangalekanitse chitsulo ndi chitsulo. Mukatsegula bawuti ya sampu, mchenga wolemera sutuluka wonse chifukwa bowolo silikokolola pansi ponse. Mchenga umachotsedwa ndi manja, burashi ndi nsalu, chiwalo chili panja. Koma tisanafike pamenepo tipeze khomo limene unalowera, chifukwa kusesa m'nyumba chitseko chili pululu nthawi ya mphepo ya mwera n'kudzitopetsa chabe.

Woyendetsa takisi, Chibavi

Madala, zimene mwanena ndazimva, koma tisaiwale thumba la munthu. Galimoto yangogulidwa kumene, ikulira bwino, ndipo inu mukuti itsegulidwe. Injini zambiri zimene ndaziona zitafa zinafera m'manja mwa amakaniko zitatsegulidwa popanda chifukwa. Ndiponso mchenga wochuluka chotero ungalowe wokha bwanji? Mwina pali wina amene anachita kuthira dala chifukwa cha nsanje kapena mkangano wa ndalama ndi mwini wake wakale.

Wotenga magalimoto ku Dar es Salaam, Chiputula

Nkhani ya kuthiridwa mchenga ndi adani imakambidwa kwambiri m'malo oimikira magalimoto, koma pa zaka zimene ndakhala ndikuyendetsa magalimoto kuchokera ku doko la Dar es Salaam, kudutsa pa Songwe, Karonga ndi kukwera Chiweta, zimene ndaziona ndi maso anga ndi zosachita kufuna mfiti. Ulendo wina galimoto imene ndinkabweretsa inayamba kudontha oyilo pa chivundikiro cha mavalavu, ndipo ndinaima pa galaja ina ya m'mbali mwa msewu. Mnyamata anachotsa chivundikirocho n'kuchiika chagada pa dothi, malole akudutsa ndi kuwaza fumbi pa injini yotseguka, kenako anatola sandipepa kuti apale pokhala gasiketi. Ndinamuletsa, chifukwa njere za sandipepa ndi zolimba kuposa mchenga weniweniwo, ndipo zonse zikanagwera mkati. Fanelo imene anafuna kuthirira oyilo inali botolo lodula limene linali litagona pansi tsiku lonse. Bambo a ku Luwinga, yang'anani m'mphepete mwa chivundikiro cha mavalavu ndi mwa sampu ngati muli silikoni watsopano wotuphira kunja, chifukwa ameneyo ndi umboni wakuti munthu anatsegulapo posachedwa.

Muonenso ngati galimotoyo sinamirepo m'madzi. Kwezani kapeti, yang'anani mogona tayala la sipeya, ndipo kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto kuti muone ngati ali ndi mzere wa matope. Galimoto zoyenda m'midzi nthawi ya dzinja zimawoloka mitsinje yodzaza, ndipo madzi a mtsinje sabwera okha.

Mayi wogulitsa masipeyala, mtauni

Ine ndiyankhulepo za khomo lachiwiri, la mpweya, chifukwa ndi limene ndimakangana nalo ndi makasitomala tsiku ndi tsiku. Munthu amabwera kudzagula oyilo ndi fyuluta ya oyilo, koma ndikamukumbutsa za fyuluta ya mpweya amati aipopera ndi kompuresa. Mphepo yamphamvu imang'amba timabowo ta pepala tosaoneka ndi maso, ndipo fyuluta yopoperedwa kangapo imaoneka yoyera pamene ikudutsitsa fumbi. Ena amagula yotsika mtengo imene mphira yake ya m'mphepete sikhala bwino m'bokosi. Bambo, masulani paipi yakuda imene imachoka pa bokosi la fyuluta kupita ku injini, mupisemo chala choyera. Mkati mwa paipi imeneyo muyenera kukhala mopanda fumbi ngakhale pang'ono. Ipindeninso pamakwinya pake kuti muone ngati ili ndi ming'alu kunsi, ndipo muone ngati zotsekera bokosi zonse zilipo. Galimoto imene yayenda misewu yafumbi ya ku Rumphi kuyambira August mpaka October ili ndi bokosi losatsekeka yapuma dothi lambiri.

Chinanso, pa ntchito imeneyi musagule oyilo wopimidwa m'mabotolo otsegula. Gulani wa m'chigubu chomata, ndipo chidindo chake muchidule nokha.

Mwini Probox, Luwinga

Mayi, chala chatuluka ndi kafumbi kofiira. Chotsekera chimodzi cha bokosi la fyuluta chinathyoka ndipo anamangapo ndi mphira ya chubu, moti mbali imodzi ya chivundikiro imayasama pang'ono. Kunsi kwa kapeti ndi kouma ndi koyera, lamba alibe matope. Koma pa chivundikiro cha mavalavu pali silikoni wofiira wopakidwa mochuluka ngati phala, ndipo akuoneka kuti si wakale. Ndamuimbira amene anandigulitsa, ndipo wavomera kuti miyezi iwiri yapitayo anasinthitsa gasiketi ya pamenepo ali kumudzi chifukwa inkadontha.

Makaniko wopuma, Katoto

Ndiye makomo ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi chilonda chake. Fumbi lolowera ku mpweya ndi losalala ngati ufa, limadya maring'i a mapisitoni ndi makoma a masilinda pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zake ndi kumwa oyilo, utsi wobiriwira ngati mtambo ndi kuchepa mphamvu pokwera phiri. Njere zikuluzikulu zimene mwazipeza m'beseni sizingadutse pa maring'i, ndiye zimenezo zinagwera kuchokera pamwamba tsiku limene chivundikiro chinatsegulidwa kumudzi. Miyezi iwiri si nthawi yaitali kwambiri, ndipo kuchepa kwa tonyezimira kukundipatsa chiyembekezo.

Achimwene a ku Chibavi ali ndi mfundo pa za thumba, ndipo sindikunena kuti injini itsitsidwe lero. Tiyambe ndi zimene zimatseguka injini ili m'galimoto. Ntchitoyi ichitikire pa simenti yosesedwa ndi kuwazidwa madzi, m'nyumba kapena pamalo otchingika, ndipo kunja kwa injini kutsukidwe kaye bawuti iliyonse isanamasulidwe. Sampu ya 1NZ-FE ili pawiri: ya m'munsi yachitsulo, imene imamatidwa ndi silikoni popanda gasiketi, ndi ya pamwamba ya aluminiyamu. Chotsani ya m'munsiyo, muitsuke ndi palafini kenako ndi madzi otentha a sopo, muiumitse. Chotsani kasefa ka pampu mukatsuke mpaka kuwala kuzioneka pa waya wake wonse. Pisani dzanja ndi nsalu yosathothoka ulusi m'makona a sampu ya pamwamba monse mmene mungafike. Chivundikiro cha mavalavu chitsukidwe kangapo, chifukwa mkati mwake muli malata otchinga amene kuseri kwake mchenga umabisala, ndipo mutu wa injini upukutidwe m'zithaphwi zonse mmene oyilo amaima. M'mutu momwemo, pafupi ndi valavu yoyendetsa VVT-i, muli kasefa kakang'ono kwambiri kamene amakaniko ambiri amakaiwala, ndipo kameneko kachotsedwe ndi kutsukidwa.

Chivundikiro chili chotsegula, makaniko amasule kapu imodzi yogwira camshaft. Pamenepo camshaft imazungulira pa aluminiyamu weniweni wa mutu, choncho ngati mchenga unadutsa fyuluta, mikwingwirima yake ioneka. Yopepuka imene chikhadabo sichikodwamo si yoopsa, koma ngati chikhadabo chikukodwa ndiye kuti ndi pansi pomwe zinthu sizili bwino. Kapuyo ibwerere pamalo pake, kuyang'ana kumene inkayang'ana, ndipo imangidwe ndi sipanala yopima mphamvu. Pobwezera sampu silikoni akhale mzere woonda, chifukwa wotuphira mkati amaduka n'kukatseka kasefa.

Mukatseka zonse, thirani oyilo watsopano, amene pa injini imeneyi amalowa malita pafupifupi 3.7 pamodzi ndi fyuluta, ndipo musakhulupirire nyali ya pa dashibodi, chifukwa imayaka pokhapokha mphamvu ya oyilo itatsikiratu. Makaniko amange geji pamalo pa switchi ya oyilo ndi kuyeza injini itatentha bwino. Lamulo la m'magalaja limati pa maulendo 1,000 alionse amene injini ikuzungulira pa mphindi pazikhala pafupifupi 10 psi (muyezo wa mphamvu ya oyilo pa geji), koma buku la injiniyo ndilo likhale woweruza. Kenako ayeze kompuresheni, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, atapopera kaye m'maenje a mapulagi asanawamasule kuti dothi la mmenemo lisagwere m'masilinda. Masilinda anayiwo asasiyane kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Ngati imodzi yatsika, athiremo kasupuni ka oyilo ndi kuyezanso, ndipo ikakwera kwambiri ndiye kuti maring'i adyeka.

Woyendetsa takisi, Chibavi

Pamenepo ndagonja pa za dizilo, madala, ngakhale Sienta yanga sinadandaulepo. Nanga geji ikaonetsa kuti mphamvu ya oyilo ndi yochepa, sangangothira oyilo wolimba wa 20W-50 n'kumayendabe?

Makaniko wopuma, Katoto

Sienta yanu inalibe mchenga, inali ndi phala la oyilo wakale lokha, ndipo munachita mwayi kuti phalalo silinatseke kasefa. Oyilo wolimba amakweza singano ya geji ndi kubisa phokoso, koma mpata umene wakula pa mabering'i subwerera, ndipo m'mawa wozizira oyilo wotero amachedwa kufika kumutu ndi ku VVT-i ya injini imene inapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30. Mphamvu ikakhala yochepa, kapena kukamveka kugogoda kunsi, injini itsike isananoke, chifukwa crankshaft yokandika pang'ono imakonzeka pamene yopsa ndi yotaya. Ikatsika, pampu ya oyilo, imene pa injini imeneyi ili m'chivundikiro cha tcheni ndipo imazunguzidwa ndi crankshaft, itsegulidwe ndi kuyezedwa. Njira zonse za oyilo za m'buloko ndi timabowo ta mu crankshaft zipisidwe burashi, ndipo makoma a masilinda atsukidwe ndi madzi otentha a sopo mpaka nsalu yoyera izituluka yoyera. Ovaholo yochitidwa popanda kutsuka njira za oyilo imapha mabering'i atsopano ndi mchenga wakale womwewo. Pamenepo ndi pamene munthu amawerengera ngati kuli bwino kukonza kapena kugula injini ina yogwiritsidwapo kale ntchito, koma tisafike kumeneko geji isanayankhule.

Mwini Probox, Luwinga

Akuluakulu, papita masiku 9 ndipo ndabwera kudzapereka lipoti. Tinakankhira galimoto m'galaja ya simenti ya mlamu wanga ndipo makaniko anagwirira ntchito momwemo ine ndili pambali. Pansi pa sampu tinapeza mchenga wodzaza supuni yaikulu, utakakamira m'phala kumbali imene ili kutali ndi bawuti yokhetsera, moti ndinaona ndekha kuti dizilo sakanautulutsa. Kasefa ka pampu kanali katatsekeka pafupifupi theka ndi zidutswa za silikoni wofiira uja. Kuseri kwa malata a m'chivundikiro kunatuluka mchenga mpaka ulendo wachinayi wotsuka. Kapu ya camshaft ili ndi timizere toonekera padzuwa koma chikhadabo sichikodwa. Bokosi la fyuluta ya mpweya ndagula lina lathunthu pamodzi ndi fyuluta yatsopano kwa mayi a mtauni.

Tinaliza injini mphindi 20 osaponda moto, tinakhetsa oyilo ali wotentha, tinasintha fyuluta ndi kuthira wina. Geji yaonetsa mphamvu yokwanira injini itatentha, poima ndi pa maulendo 3,000 pa mphindi pomwe. Pa kompuresheni masilinda atatu ali pafupifupi chimodzimodzi, yachinayi yatsikirapo pang'ono koma sinapitirire malire amene munanena, ndipo titathira oyilo inakwera pang'ono. Mu fyuluta ya mphindi 20 ija ndapezamo njere zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi, tonyezimira mulibe. Oyilo wakale yense ndamusunga m'zigubu zotseka, sindinamutaye m'ngalande. Kodi tsopano ndingayambe kunyamula katundu wa ku Karonga?

Makaniko wopuma, Katoto

Musafulumire, bambo. Yendani mtauni muno ndi maulendo opepuka ngati a ku Ekwendeni mpaka makilomita 300, osalemetsa galimoto ndi osaponda moto injini isanatenthe, kenako musinthe oyilo ndi fyuluta. Musinthenso pakatha makilomita ena 1,000, ndipo fyuluta iliyonse muziitsegula monga munachitira poyamba, n'kusunga mapepala ake m'majumbo olembedwa makilomita kuti tiziyerekeza. M'mawa uliwonse muziyang'ana dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, galimoto itaima pamalo osapendekeka ndi kulemba pamene oyilo walekeza, chifukwa silinda yachinayi ija itiuza zoona zake kudzera m'kamwedwe ka oyilo. Njere zikamachepa pa fyuluta iliyonse ndipo tonyezimira tikapanda kuoneka, mubwerere ku sevisi ya masiku onse. Chiweta ndi katundu wodzaza idikire fyuluta ya makilomita 300. Mukaitsegula mubwere nalo pepalalo kuno ku Katoto madzulo dzuwa lisanalowe, ndidzaliyang'ane ndi galasi langa lokulitsa zinthu.